Wanthabwala akamafunsa wandale pa wailesi yakanema, ndani amakola mnzake?

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, koma makolo anga anachokera ku Dedza. Mwana wanga wotsiriza amakonda kundionetsa timavidiyo pa foni, momwe anthu anthabwala a ku America monga Trevor Noah ndi Jon Stewart amapanikiza andale a chipani cha Republican mpaka mlendo kusowa chonena, anthu n'kumaseka. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo zina zimene alendowo amaimira, monga za banja ndi chikhulupiriro, ndimagwirizana nazo. Kodi zimenezi n'zenizeni kapena amachita kupangana? Ngati n'zenizeni, munthu wamkulu wanzeru zake amapitiranji kokanyozedwa? Nanga kuno kwathu zingatheke?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mwachidule, sapangana mawu oti anene, ndipo mlendo akasowa chonena amakhala wasowadi. Koma zimene mumaona pa foni si zonse zimene zinachitika m'chipindamo, ndipo kawirikawiri amene mukumumvera chisoniyo ndi amene amabwerera kunyumba ataphulapo kanthu. Ntchito yanga ndi yodula ndi kulumikiza zithunzi za mapulogalamu a wailesi yakanema, choncho ndiyankha monga munthu wokhala kuseri, kumene macheza a mphindi 40 amasanduka a mphindi 5. Andale amene mukunenawa, aja amaima pa chipembedzo, banja monga analidziwira makolo, misonkho yochepa, malire okhwima, komanso ku America ufulu wokhala ndi mfuti, ndiziwatchula kuti osunga mwambo.

Timavidiyo timeneti pa foni timaoneka tofanana, koma timapangidwa mosiyana. Pali pamene mlendo akudziwa zonse, pali pamene akudziwa theka, ndipo pali pamene wanamizidwa kuyambira pa kalata yomuitana.

Zambiri za Noah ndi Stewart zimene mwaonazo n'za pa tebulo, mu situdiyo ya The Daily Show ku New York. Pulogalamuyi inayamba mu 1996 pa kanema wa Comedy Central. Stewart anaiyendetsa kuchokera mu 1999 mpaka 2015, kenako Noah, mnyamata wa ku Johannesburg uja, anakhala pampandowo mpaka 2022. Apa palibe chobisa. Pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kusaka alendo basi: amaimbira ofesi ya wandaleyo, kugwirizana tsiku, kukambirana mutu wa nkhani. Mlendo amamudziwa bwino wofunsayo ndi maganizo ake, poti amamuona pa kanema sabata iliyonse. Amajambula chakumadzulo pamaso pa anthu, n'kuulutsa usiku womwewo. Anthu amene mumawamva akusekawo ndi okonda pulogalamuyo amene anachita kupempha matikiti, ndipo kujambula kusanayambe kumabwera wanthabwala wina kudzawatenthetsa, kuti nthawi ikamakwana akhale akuseka ndi kakang'ono komwe. Ndiye phokoso la kuseka lisamakupusitseni. Limangokuuzani kuti m'chipindamo mlendo alibe wake.

Nanga amapitiranji? Ambiri amakhala ali ndi buku loti agulitse, kapena chisankho chayandikira. Pulogalamu yotere imaoneredwa ndi achinyamata amene sangatsegule Fox News, kanema wokondedwa ndi osunga mwambo, ngakhale mutawalipira, ndipo wandale alibe njira ina yowafikira. Palinso chachikulu kuposa izi. Anthu a chipani chake akamuona atakhala pakati pa adani, akuyankha osanjenjemera, amati munthu wathu ndi wolimba, walowa m'dzenje la mikango n'kutulukamo. Kavidiyo komweko kamene mwana wanu amakuonetsani kuti onani wayalukira, mbali inayo amakadula mwina n'kumagawana kuti onani wawakhomera. John McCain, yemwe anali seneta wa Republican, anabwera kwa Stewart kambirimbiri. Bill O'Reilly, yemwe panthawiyo anali wofalitsa nkhani wa Fox News, ankabweranso, Stewart nayenso n'kumapita kwa iye, mpaka mu October 2012 awiriwa anachita mtsutso wolipiritsa ku Washington. Anthu oti akupwetekanadi sachita zimenezo.

Wofunsayo nayenso ali ndi malire ake. Mu September 2015 Ted Cruz, seneta wa ku Texas, anali mlendo wa wanthabwala wina, Stephen Colbert, pa pulogalamu ya The Late Show. Akufotokoza maganizo ake pa nkhani ya maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, anthu anayamba kumukuwiza. Colbert anatembenuka n'kuwaletsa, kuwauza kuti kaya akuganiza zotani, uyu ndi mlendo wake, asamukuwize. Unali ulemu, komanso inali nzeru ya malonda. Mlendo mmodzi akachitidwa chipongwe chopitirira, wosaka alendo uja mawa aimba mafoni tsiku lonse osapeza woyankha.

Chimene anthu ambiri sachiona n'chakuti nthabwala si chida chenicheni cha wofunsa. Nthabwala imapatsa mlendo pothawira. Onse awiri akaseka, funso lafa, ndipo wandale wozolowera amadziwa kuseka pa nthawi yake kuti funso life. Chimene chimagwetsa munthu ndi ntchito ya anthu amene simuwaona, aja amakhala tsiku lonse akuonera makanema a nkhani ndi kusunga zimene wandale aliyense ananenapo. Mlendo akanena kuti sindinanenepo zimenezo, wofunsa amangoti tiyeni tione, ndipo pakhoma pamatuluka iye mwini zaka zitatu zapitazo akunena zomwezo. Chida china ndi funso losavuta, lofunsidwa mobwereza, mosakweza mawu, kenako kukhala chete.

Macheza a Noah ndi Tomi Lahren pa 30 November 2016 ndi chitsanzo chabwino. Lahren anali mtsikana wa zaka 24 wotchuka podzudzula gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda la Black Lives Matter ndiponso Colin Kaepernick, wosewera mpira uja ankagwada nyimbo ya fuko ikamaimbidwa. Kavidiyo kamene kanayenda kwambiri ndi ka pamene Lahren ananena kuti iye saona mtundu wa khungu, Noah n'kumufunsa kuti nanga akafika pa maloboti amatani. Anthu anafa nalo phwete, koma pamenepo Lahren sanataye kanthu. Pamene panali povuta ndi pa funso lina, limene Noah analibwereza kangapo mofatsa: ngati kuyenda m'misewu n'kolakwa, kugwada chete n'kolakwanso, njira yoyenera yoti munthu wakuda adandaulire boma lake ndi iti? Yankho lolunjika silinabwere. Macheza onsewo ndi a mphindi pafupifupi 26, ndipo mukawaonera onse mupeza kuti mbali yaikulu ndi anthu awiri akukambirana mwaulemu. Pambuyo pake ena anadzudzula Noah kuti wamukweza mtsikanayo, ndipo mu 2017 Lahren analembedwa ntchito ku Fox News.

Nthawi zina wanthabwala ndiye amagwa. Mu January 2010 Stewart anaitana John Yoo, pulofesa wa zamalamulo amene mu nthawi ya George W. Bush analemba nawo zikalata zoloreza njira zankhanza zofunsira akaidi oganiziridwa zauchigawenga. Anthu ankayembekezera kuti Yoo aona zakuda. Koma munthuyu anali wofatsa, womwetulira, wodziwa nkhani yake kuposa wofunsa, ndipo funso lililonse ankalibweza kuti si mmene lamulo limanenera. Mawa lake Stewart anavomera yekha pa kanema kuti mlendoyo anamupulumuka. Ku Britain kuli chitsanzo chopweteka kwambiri kwa anthabwala. Mu 1998 Boris Johnson, apo n'kuti ali mtolankhani, anapita pa pulogalamu ya BBC ya Have I Got News for You, ndipo Ian Hislop, mmodzi wa oseketsa a pulogalamuyo, anamupanikiza pa tepi ina imene mnzake ankamupempha adiresi ya mtolankhani wina yemwe ankafuna kuti amenyedwe. Johnson anachita chibwibwi, tsitsi lili nyankhalala, anthu n'kuseka. Koma anamukonda. Anaitanidwanso kangapo, mpaka kumayendetsa nawo pulogalamuyo. Mu 2001 analowa m'nyumba ya malamulo, mu 2008 anakhala meya wa London, mu 2019 nduna yaikulu. Sindikunena kuti pulogalamuyo ndiyo inamupatsa mipandoyi, koma inamudziwitsa kwa anthu ngati munthu woseketsa amene sungamukwiyire nthawi yaitali, ndipo ku Britain mpaka lero amakanganabe za zimenezi.

Tsopano tibwere pamene mlendo akudziwa theka, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona luso lenileni. Kuchokera mu 2005 mpaka 2014 Colbert anali ndi pulogalamu yake, The Colbert Report, momwe ankasewera ngati wofalitsa nkhani wosunga mwambo kotheratu, wodzikuza, wosamva za wina, motengera anthu ngati O'Reilly. Asanayambe kujambula ankapita kwa mlendo kukamuuza kuti munthu amene ndisanduke kutsogoloku ndi chitsiru chosafuna kuphunzira, ntchito yanu ndi kumuwongola. Kwa mlendo wa chipani cha Democrat zinali zosavuta, chifukwa ankangotsutsana ndi chitsirucho. Kwa wosunga mwambo zinali zoterera, pakuti chitsirucho chinkagwirizana naye. Chinkavomereza mfundo yake mwamphamvu, n'kuikankhira patsogolo pang'ono, kenako pang'ono pena, mpaka kufika poti mlendo asankhe: avomereze chinthu chopusa, kapena atsutse munthu amene akunena mawu a chipani chake. Wandale anaphunzitsidwa kulimbana ndi womutsutsa. Womuombera m'manja sadziwa kuti amutani.

Mu 2006 Colbert anacheza ndi phungu wina wa ku Georgia, Lynn Westmoreland, amene anali m'gulu lothandizira bilu yoti Malamulo Khumi apachikidwe m'nyumba za malamulo za dzikolo. Colbert sanatsutse. Anamulola kufotokoza ubwino wa malamulowo, akugwedeza mutu movomereza. Kenako anangofunsa kuti Malamulo Khumiwo ndi ati. Phunguyo anadabwa, n'kufunsa ngati akufuna awatchule onse. Colbert anatukula manja kuti aziwerenga ndi zala. Usaphe, usaname, usabe, kenako zii, kenako kuvomera kuti sangathe kutchula onse. Inu monga mkulu wa mpingo mukuona kuti chimene chinasekedwa apa si Malamulo a Mulungu ayi, koma munthu wofuna kupachika pakhoma chimene sanachisunge m'mutu. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Komabe nkhaniyi ili ndi mchira wake: wolankhulira phunguyo ananena pambuyo pake kuti bwana wake anatchula malamulo pafupifupi 7, ndipo enawo anadulidwa. Ngati n'zoona, funso linali lachilungamo koma lumo linaonjezera mchere. Kuiwala 3 ndi kukumbuka 3 si chinthu chimodzi.

Kusewera koteroku kuli ndi vuto lina. Mu 2009 akatswiri a pa Ohio State University anaonetsa anthu kavidiyo ka Colbert n'kuwafunsa mmene akumuonera. Onse anaseka mofanana, koma osunga mwambo ambiri ankaganiza kuti Colbert akungonamizira kuseleula, pansi pa mtima akunena zimene amakhulupiriradi. Aliyense anaona zimene anabwera nazo. N'chifukwa chake ine ndimakayikira ndikamva wina akunena kuti mapulogalamuwa amatembenuza anthu pa ndale.

M'gulu lomweli muli macheza a kunja kwa situdiyo, pamene mtolankhani wongopeka wa The Daily Show amapita ku ofesi kapena kunyumba kwa munthu. Mlendo amadziwa dzina la pulogalamu, koma sadziwa mbali imene nkhani ipendekere, ndipo amajambulidwa nthawi yaitali mpaka kutopa n'kumasuka. Mu October 2013 Aasif Mandvi anacheza ndi Don Yelton, mkulu wa chipani cha Republican m'dera lina ku North Carolina, za lamulo lofuna chitupa povota. Chipani chinkati lamulolo n'loletsa chinyengo. Yelton atamasuka ananena kuti lamulolo lipweteka a Democrat, n'kuonjezera mawu onyoza anthu akuda kuti ndi aulesi. Mandvi anachita kumufunsa ngati akudziwa kuti anthu akumumva. Kanemayo atatuluka, Yelton anatula udindo, koma ananena poyera kuti mawu akewo sakuwabweza. Apa panalibe msampha wina kupatula mpando ndi nthawi. Chaka chomwecho John Oliver anapanga nkhani ya mfuti momwe wosekedwa anali womenyera ufulu wa mfuti wa ku Virginia, koma wolemekezedwa anali John Howard, nduna yaikulu yakale ya Australia, nayenso wosunga mwambo, amene anakhwimitsa malamulo a mfuti anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu 1996.

Gulu lachitatu ndi la bodza lenileni, ndipo mwini wake ndi Sacha Baron Cohen wa ku Britain. Iyeyu amabisa nkhope, dzina, ngakhale dzina la kampani yojambula. Mu pulogalamu yake ya 2018, Who Is America?, anadzisandutsa katswiri wa ku Israel wolimbana ndi zigawenga. Andale angapo a Republican anawawerengetsa mawu oyamikira ndondomeko yopeka yophunzitsa ana a ku mkaka kugwira mfuti. Phungu wina, Matt Gaetz, anakana, kunena kuti phungu sangovomereza chinthu chifukwa wachimva kumene. Jason Spencer, phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Georgia, anauzidwa kuti akuphunzira kudziteteza, ndipo anafika povula buluku ndi kukuwa mawu onyoza anthu akuda. Anatula pansi udindo mu July 2018. Iye anati anamupezerera chifukwa anali ndi mantha ataopsezedwa kuti aphedwa. Roy Moore, yemwe anakhalapo mkulu wa oweruza ku Alabama, anaitanidwa ku Washington kuti akalandire mphoto, n'kupezeka akuseweredwa pa nkhani za milandu imene amaikana. Anasuma kufuna madola 95 miliyoni. Khoti linathetsa mlanduwo mu 2021, ndipo la apilo linagwirizana nazo mu 2022. Chifukwa chachikulu chinali pepala limene anasaina yekha asanajambulidwe, lolonjeza kuti sadzasuma. Pepala lotere amasainitsa aliyense, ndipo ambiri amasaina ali chiimire, osawerenga, akukonzedwa maikolofoni pa jekete.

Ine za gulu ili ndimaseka nawo, koma sindizitenga ngati umboni wa mmene chipani chonse chilili. Zimaonetsa kuti munthu wokonda kutamandidwa akhoza kutsogozedwa patali ndi mlendo waulemu wokhala ndi kamera. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo zimenezi zilibe chipani. Sitidziwitsidwanso kuti amene anakana n'kutuluka anali angati.

Ndikuonetseni tsono zimene zimachitika pa kompyuta. Pamakhala mizere iwiri ya zithunzi, wina wa kamera yoloza mlendo, wina wa kamera yoloza wofunsa. Tinene kuti mlendo wayankha kwa mphindi 2. Wayamba ndi chibwibwi, pakati wanena mfundo yomveka, kumapeto wasokonekeranso. Ndikachotsa pakatipo, mutu wake udumpha pa chithunzi ndipo aliyense adziwa kuti padulidwa. Ndiye pamalo podulapo ndimaikapo nkhope ya wofunsa kwa masekondi 2, atatukula nsidze kapena akugwedeza mutu. Chilonda chabisika. Nkhopeyo mwina inajambulidwa pamene ankamvetsera yankho lina. Njirayi imagwiritsidwa ntchito pa nkhani za tsiku ndi tsiku zomwe, chifukwa palibe kanema amene angaulutse zonse, ndipo mkonzi wachilungamo amafupikitsa osasintha tanthauzo. Koma mphamvu yake ndi yoopsa. Masekondi 3 a munthu akumeza malovu, akaikidwa pambuyo pa funso lovuta, amamuonetsa kuti wasowa chonena, chikhalirecho mwina ankadikira kuti akonze waya. Mapulogalamu akuluakulu ali ndi maloya amene amaona kanema asanatuluke, ndipo kutenga yankho la funso ili n'kuliika pa funso lina ndi chinthu chimene chingawaike m'mavuto. Kusankha mphindi zoipitsitsa za munthu, kumeneko palibe lamulo loletsa.

Mukamaonera, yang'anani manja a mlendo ngati asintha malo mwadzidzidzi, madzi a m'tambula ngati atsika okha, mawu ngati akwera kapena kutsika pakati pa chiganizo, ndiponso ngati yankho layamba kamera ili pa wofunsa. Macheza a pa tebulo ndi ovuta kuwasokoneza chifukwa pali anthu ambiri amene anaona ndi maso, ndipo The Daily Show imaika pa intaneti macheza athunthu akatalika. Stewart mwiniwake anadandaula mu June 2011 kuti Fox News inadula mbali zofunika za macheza ake ndi Chris Wallace, kusonyeza kuti lumo limapweteka aliyense. Ndipo kumbukirani kuti kavidiyo ka masekondi 50 kamene kafika pa WhatsApp kadulidwanso kachiwiri ndi munthu wosadziwika, amene waikapo mutu wake woti uje wathedwa. Ndikudziwa kuti data kuno ndi yodula, koma kavidiyo kakakukhudzani, muuzeni mwanayo akapeze konse pamene pali Wi-Fi.

Kodi amakondera? Inde, amakondera. Olemba mapulogalamuwa ambiri ndi anthu a m'mizinda ikuluikulu amene savotera Republican, ndipo zimene iwo amaziona zoseketsa zimachokera pamenepo. Mfundo ya mbali yawo ikakhala yofooka saiona msanga. Sikuti a Democrat amapulumuka nthawi zonse. Mu 2006 Colbert ananyengerera phungu wawo Robert Wexler, amene analibe wopikisana naye pa chisankho, kunena moseleula kuti amakonda mankhwala ozunguza bongo, ndipo makanema ena anaulutsa mawuwo ngati nkhani. Chaka chotsatira Rahm Emanuel, mmodzi wa atsogoleri a Democrat panthawiyo, analangiza aphungu atsopano a chipanicho kuti azipewa pulogalamuyo. Mbali inayo nayo ili ndi anthabwala ake: Greg Gutfeld wa Fox News wakhala ndi pulogalamu ya usiku kuyambira mu 2021, ndipo nthawi zina imaoneredwa ndi anthu ambiri kuposa enawa.

Pa nkhawa yanu ya chikhulupiriro, onerani Mike Huckabee, m'busa wa Baptist amene anakhalapo bwanamkubwa wa Arkansas. Anakambirana ndi Stewart za maukwati mu December 2008 ndi za kuchotsa mimba mu 2009. Sanagwirizane, palibe anatembenuka, koma Huckabee ankadziwa chimene amakhulupirira ndi chifukwa chake, ankaseka pamene pali poseketsa, ndipo ankabweranso. Munthu wotere ndi wovuta kumuyalutsa. Amene amagwa ndi wobwereza mawu a chipani amene sanawaganizirepo, kapena amene pakamwa pake ndi zochita zake zatalikirana. Zimene ine sindizikonda ndi zija amapita pa msonkhano wa ndale kukafunsa anthu wamba ambirimbiri, n'kusankhapo asanu oyankha mopusa. Wandale anasankha yekha ntchito yoyankha mafunso, mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mayi wogulitsa zipewa panja pa bwalo sanasankhe.

Za kuno kwathu tsopano. Mwakhalapo pa maliro a anzathu Achishona n'kuona sahwira, bwenzi la pamtima la womwalirayo, atavala jekete la malemu, akuyenda monga ankayendera, akuulula ngongole zake ndi zina zimene banja linkabisa, anamfedwa n'kumaseka misozi ili m'maso. Kwathunso adzukulu pamaliro ali ndi ufulu wonena ndi kuchita zimene wina sangayerekeze. Palibe amawakwiyira, chifukwa mwambo unawapatsa chilolezo ndipo mbali zonse zikudziwa. Macheza a nthabwala amafuna chilolezo chotero. Ku America chimachokera ku malamulo: mu 1988 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, pa mlandu wa m'busa Jerry Falwell ndi magazini ya Hustler, kuti munthu wotchuka sangalipidwe chifukwa chopwetekedwa mtima ndi nthabwala imene palibe wanzeru angaitenge ngati zoona. Ngakhale kumeneko chilolezocho chimagwedezeka, monga mu September 2025 pamene kanema wa ABC anaimitsa pulogalamu ya wanthabwala Jimmy Kimmel kwa masiku angapo chifukwa cha zimene analankhula.

Ku Zimbabwe kuno gawo 33 la lamulo la milandu limati kunyoza kapena kupeputsa Pulezidenti ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika chaka chimodzi m'ndende. Kwa zaka zambiri kanema wa m'dziko muno anali ZBC yokha, ziphaso zina zinaperekedwa mu 2020. Anthabwala alipo, ndipo ndi aluso. A Magamba Network anayamba Zambezi News mu 2011, kuseleula kaulutsidwe ka nkhani za boma, ndipo inkayenda pa ma DVD ndi pa intaneti. A Bustop TV mukuwadziwa. Mukudziwanso zimene zinachitika kwanu komweko ku Mufakose mu August 2019, pamene anthu obisa nkhope anatenga wanthabwala wa Bustop TV Samantha Kureya, Gonyeti uja, kunyumba kwake usiku, kumumenya n'kukamutaya. Zinthu zikakhala choncho, mpando wa mlendo umakhala wopanda munthu, ndipo anthabwala athu amasewera okha mbali zonse ziwiri, wofunsa ndi nduna yomwe.

Palinso kusiyana kwina. Kuno pa nkhani za tchalitchi, banja ndi miyambo, zipani zathu sizisiyana kwenikweni. Mzere umene umatigawa ndi wa amene ali m'boma ndi amene ali kunja. Wandale wa ku America amapita kokasekedwa chifukwa akufuna chinachake kwa oonera. Wa kuno amene ali ndi mphamvu saona chimene angapezeko.

South Africa ili pakati. Pieter-Dirk Uys ankavala ngati Evita Bezuidenhout, mayi wodzikuza wa Chiafrikana wa maganizo akale, zaka zambiri Colbert asanayambe zake, ndipo mu 1994 Nelson Mandela anakhala pansi kucheza naye pa kanema. Pambuyo pake kunabwera Chester Missing, chidole cha Conrad Koch, chimene chinkafunsa andale a zipani zosiyanasiyana pa pulogalamu ya wanthabwala Loyiso Gola, iwo n'kumayankha chidolecho ngati munthu. Mu 2014 woimba Steve Hofmeyr anakatenga chiletso ku khoti pofuna kuchitseka pakamwa, koma khoti la ku Randburg linachotsa chiletsocho.

Ku Malawi tinaona mbali ina ya luso lomweli. Mu ulamuliro woyamba wa Bingu wa Mutharika, wailesi ya MBC inkaulutsa Makiyolobasi, pulogalamu imene inkatenga mawu a atsogoleri otsutsa boma monga Bakili Muluzi ndi John Tembo, kuwaduladula n'kumawaseleula. Lumo linali lomwe lija ndafotokoza, koma lili m'manja mwa boma, ndipo wosekedwayo sanaitanidwe kuti adzayankhe. Anthu ankaseka m'maminibasi, koma aphungu otsutsa, amene nthawi imeneyo anali ambiri m'nyumba ya malamulo, anakana kupatsa MBC ndalama zake mu bajeti ponena kuti ikukondera.